Thabwa Limodzi la Boti la a Mphande

"Kodi tomato uyu anabzala ndani m'boti la amuna anga?"

Anafunsa ndi ama, mayi anga. Ine ndinayang'ana asibweni a Killion Chirwa, mlongo wawo wa ama, iwo n'kuyang'ana nyanja. Nkhuku imene inkaikira mazira kumutu kwa botilo inatiyang'ana tonse atatu ngati alendo olowa osaodira. Ama anathyola tomato mmodzi wakupsa, anamupukuta pa chitenje, n'kumuponya m'thumba lawo.

Botilo linali la ada anga, malemu a Mphande. Chimwalirireni iwo, zaka zitatu zinali zitatha lisanalawe madzi ena kupatula a mvula. Linangokhala pamalo pake pagombe la kwathu ku Kande, pansi pa mkuyu, likuwola pang'onopang'ono popanda kuvutitsa munthu.

Pagombe pathu malo si a munthu, ndi a boti. Lamuloli analipanga akuluakulu kalekale atatopa ndi kuleretsa ndewu za abale pambuyo pa maliro. Boti likakhalapo, malo ake alipo, kaya mwini wake ali moyo kaya anatsogola. Koma ukagula latsopano, ngakhale utakhala ndani, limakayambira kumapeto kwa mzere, kumiyala, kumene mwera umaswa matabwa ndipo ogula usipa safikako chifukwa mabeseni amawalemera panjira. Boti la ada linali pamalo oyamba. Pamenepo pali mthunzi, mchenga ndi wofewa, ndipo njira yochokera kumsewu imathera pomwepo. Kuseri kwake kuli mathandala a ama oyanikapo usipa, ndipo mathandala amatsata boti. Boti likasamuka, nawonso amasamuka. Mathandala amenewo ndi amene anandiphunzitsa mpaka ku yunivesite, ndipo ndi amene ankandidyetsabe miyezi khumi chibwerereni kumeneko ndi digiri yanga ya chitukuko cha m'midzi.

Amene anakadandaula kukomiti ya pagombe anali Austin Longwe, mwini wa boti la pamalo achiwiri. Anali atagula boti lina latsopano, ndipo linkamuwawa mtima likamagona kumiyala pamene malo oyamba pankagona nkhuku. Komiti inatilembera kalata: Loweruka lomaliza la mwezi, boti la a Mphande liyandame, linyamule anthu anayi kupita pakati ndi kubwerera, ndipo likhale boti lomwelo. Pofuna kuti pasakhale mkangano pa mawu akuti "lomwelo", anawonjezera kuti pakhale thabwa lakale lathunthu, ngakhale limodzi.

Achimwene anga a Masauko, amene ali ku Joni, anatumiza mawu pafoni. "Ama, mukuvutikiranji ndi nkhuni? Ndikugulirani la faiba, lowala, loti anthu azidziyang'anirapo nkhope."

Ama anamvetsera kawiri.

"Umuuze kuti yewu, tathokoza," anatero. "Umuuzenso kuti azidya, mawu ake akumveka owonda."

Ntchito anaipereka kwa asibweni a Killion. Iwo ndi kalipentala wa ku Bandawe, wodziwika ndi mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro, komanso ndi mkulu wa mpingo. Boti anali asanapangepo, koma sankaona vuto.

"Bokosi ndi boti n'zapachibale, alongo," anatero akuyenda mozungulira botilo, pensulo ili kukhutu. "Zonse zimanyamula munthu, ndipo zonse siziyenera kulowa madzi."

"Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'boti amabwerera kudzadandaula," anatero ama. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe Taonga, pepala lako lija likuti chitukuko. Nachi chitukuko. Uziyang'anira."

Tsiku loyamba asibweni sanakhome msomali ndi umodzi womwe. Anangotenga hamala n'kumagogoda thabwa lililonse, khutu atalitsamiritsa pafupi. Likamveka gwa, ankagwedeza mutu mokayikira. Likamveka phu, ankavula chipewa.

"Ili latisiya."

Anagogoda lina.

"Ilinso latisiya. Ili likadalipo, koma muitane abale."

Pofika masana chipewa anangochisiya pamchenga, poona kuti kuvala ndi kuvula kukuwachedwetsa. Nthiti za botilo nazo zinali zitafumbwa. Msana wake, mtengo wautali wa pansi umene zonse zimagwirapo, unali ndi chiswe chimene chinatuluka mwaunyinji kudzaona amene akugogoda.

Madzulo a tsikulo kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo a ama ku Usisya. Kumeneko munthu supita n'kubwerako mawa lake, umadikira chombo. Asananyamuke, ama anapita nafe kugombe, anayenda m'mbali mwa botilo akusisita matabwa ndi dzanja, mpaka anaima pa lachitatu kuchokera pamwamba, kudzanja lamanzere. Linali la mlombwa, ndipo ndi lokhalo limene asibweni sanalivulire chipewa. Anang'amba kansanza kofiira n'kukamanga pabowo la msomali.

"Ena onsewa chitani nawo zimene mukudziwa," anatero. "Ili lokha. Killion, wamva? Taonga, wamva? Mukalitaya ili mundikonzeretu bokosi."

"Muyeso wanu ndili nawo kale, alongo," anatero asibweni. Ama anawayang'ana, iwo n'kuyamba kufunafuna pensulo imene inali kukhutu kwawo.

Ntchito inayenda. Ndiyenera kunena zoona, asibweni ndi mmisiri. Ankazula thabwa lakale, kuliyeza, kudula latsopano lofanana nalo, kukhoma, kenako kutseka mipata ndi thonje ndi phula. Matabwa akale ankawaunjika pambali. Muluwo unkakula, boti n'kumayera. Ntchito yanga inali kugwira misomali ndi kuyankha mafunso a anthu odutsa, amene onse anali akatswiri a maboti.

Austin ankabwera m'mawa uliwonse, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ada Chirwa, timuoneni. Bokosi lalikulu chonchi, wamwalira ndani?"

"Palibe, mwana wanga."

"Ndimayesa mvuu." Ankapsontha tiyi wake. "Nanga a digiri, mwalembapo chiyani lero? Mulembe kuti kumiyala kuli mphepo yabwino. Usipa umauma msanga."

Ine sindinkamuyankha. Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti anthu a m'dera uziwamvetsera.

Tsiku lachisanu asibweni anafika pathabwa la ama. Anati nthiti ya kuseri kwake yawola, ndipo sangaisinthe thabwalo lili pomwepo. Analizula mosamala ngati akunyamula mbale ya mgonero, analitsamiritsa pamulu wa matabwa akale, ndipo popeza manja awo anali phula lokhalokha, anamasula kansanza kofiira kaja n'kupukutira zala.

Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Mnzanga wa ku Mzuzu ankandiuza kuti bungwe lina likufuna anthu a digiri ngati yanga, ndipo akutseka kulandira makalata masana omwewo. Kugombe kulibe netiweki yoti n'kutumiza chikalata. Imapezeka pachulu cha kuseri kwa golosale, ukaima ndi mwendo umodzi pamwamba penipeni, nkhope italoza ku Chintheche. Ndinathamangira kumeneko. Chikalatacho chinayenda mpaka pakati, n'kuima, n'kubwerera. Ndinatumiza kanayi.

Pobwerera ndinapeza gombe layera. Mulu wa matabwa akale panalibe.

"Waona?" anatero asibweni mokondwa. "Anabwera mayi uja wa kuloji, a Queen, ndi anyamata awiri ndi wilibala. Akuti azungu amakonda zinthu zowola. Atichotsera zinyalala, n'kutisiyiranso zitini ziwiri zopanda kanthu. Anthu abwino alipo."

Ndinayang'ana botilo. Mpata wa thabwa la ama unali pomwepo, wautali, ukudikira. Ndinaganiza kuti asibweni aliika pabwino, poti iwo ndi munthu amene amatola ngakhale msomali wopindika n'kupita nawo kunyumba. Iwonso, monga ndinadzamvera pambuyo pake, anaganiza kuti ndalitenga ndine, poti ndine woyang'anira ndipo ndinapita kusukulu. Kwa masiku atatu tinagwira ntchito mozungulira mpatawo, aliyense ali ndi mtendere mumtima. Aka kanali koyamba m'banja mwathu kuti anthu awiri akhulupirirane kwathunthu.

Ama anabwerako Lachiwiri, kutatsala masiku anayi. Sanapite n'kunyumba komwe. Anatsika minibasi n'kulunjika kugombe, chikwama chili pamutu. Anaona boti loyera, lonunkhira utuchi ndi phula, ndipo nkhope yawo inafewa pang'ono. Kenako anaona mpata.

"Thabwa lili kuti?"

Ine ndinaloza asibweni. Asibweni anali ataloza kale ine.

Ama anatula chikwama pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Killion, vala chipewa. Taonga, tsogola."

Loji ili kumapeto ena a gombe, kuseri kwa mpanda wa bango. Ndinakulira pafupi nayo koma ndinali ndisanalowemo. Titangodutsa pageti ndinaona kumene maboti akale a kwathu amapita akamwalira. Tebulo la pabala linali boti. Mafelemu a magalasi anali boti. Chikwangwani cholozera kuchimbudzi chinali boti. Ndipo zonse zinali zabuluu wosuwa, chifukwa kwa zaka zambiri sitolo yogulitsa penti ku Chintheche inkabweretsa mtundu umodzi wokha, ndipo asodzi onse a mbali ino anagwirizana nayo.

A Queen anatilandira ndi manja awiri. Ndi mayi wa ku Dedza, woyang'anira zipinda, wa Chichewa chosalala ngati cha pawailesi. Ama anasiya Chitonga n'kuvala Chichewa chawo cha kumsika.

"Amayi, tabwera za thabwa. Lalitali chonchi, la mlombwa. Linabwera ndi zinyalala zija."

"La mlombwa lija!" A Queen anaomba m'manja. "Amayi, thabwa limenelo ndi labwino zedi. Kalipentala wathu anachita kuvina. Tabwerani muone."

Anatitengera pamalo olandirira alendo. Pakhoma panali misomali khumi ndi iwiri, ndipo pamsomali uliwonse panapachikidwa kiyi. Kiyi aliyense anamangiriridwa kukachidutswa ka thabwa kotalika ngati chikhatho, kosalala bwino, kabuluu mbali imodzi, kolembedwa nambala ndi chitsulo chamoto.

"Kale alendo ankataya makiyi tsiku ndi tsiku," anatero a Queen. "Pano ndi olemera, saiwalika."

Ama anatenga nambala folo. Anakatembenuza, anakanunkhiza. Kumbuyo kwake kunali bowo la msomali, lomwe lija anamangapo kansanza. Tili chiimire pomwepo, mzungu wina wofiira ndi dzuwa anabwera, anatimwetulira, anatenga nambala naini, n'kupita nayo atakoleka thaulo paphewa. Ama anamutsatira ndi maso mpaka anakhota.

"Akupita nalo kuti?"

"Kuchipinda chake, amayi."

"Amuna anga anapita nalo thabwa limeneli mpaka ku Likoma," anatero ama. "Kawiri."

Asibweni anayamba kufotokoza kuti mwina zidutswazo akhoza kuzilumikiza ndi guluu, koma mawu awo anafera m'njira. Kalata ya komiti inati lathunthu.

A Queen atamva nkhani yonse anagwira pakamwa. Anapepesa kasanu, anaitanitsa madzi ozizira, kenako anatulutsa kiyi wina m'thumba la yunifolomu.

"Amayi, lanulo sindingalibweze. Koma kuseri kuno tili ndi chipinda chodzaza matabwa amene sitinawagwiritse ntchito. Takhala tikutola zaka zambiri. Sankhani lililonse. Onse ndi abuluu."

Ndinkayembekeza kuti ama akana. Iwo ndi munthu amene amabweza usipa wa mnzawo ukagwera pathandala lawo. Koma anapachika nambala folo pamsomali pake, n'kunena kuti, "Tsegulani."

Anakhalamo nthawi yaitali. Ife tinaima pakhomo, tikumva matabwa akugubuduka ndi ama akuyetsemula. Ankatenga thabwa, kulitembenuza, kulikanda ndi chikhadabo, kuliika pambali. Ena ankawayang'ana nthawi yaitali ngati akuwapatsa moni. Pomaliza anatuluka akukoka limodzi lakuda ndi litsiro, lomatirira mamba a nsomba ndi phula lakalekale, losaoneka bwino kuposa onse amene anawasiya.

"Ama, ili si lathu," ndinatero.

"Nyamula."

"Pali ena oyera bwino mkatimo."

"Digiri ija inali ya matabwa? Nyamula."

Vuto linadza pofika kugombe. Asibweni anagogoda thabwalo, linamveka gwa, koma iwo anaika hamala pansi n'kupinda manja.

"Alongo, ine ndine mkulu wa mpingo. Lamulungu ndimagawa mgonero. Sindingakhome bodza."

"Wakupempha kunama ndani? Iwe khoma thabwa."

"Koma akandifunsa?"

"Akakufunsa chiyani? Zaka zonsezi munthu anayamba wakufunsapo kanthu iwe?"

"Chikumbumtima, alongo."

"Chikumbumtima chinali kuti pamene unkapukutira zala kansanza kanga?"

Asibweni anakhala pachitini chimodzi cha a Queen, anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera. Atatha anaimirira n'kunena kuti akhoma, koma Loweruka pakamwa pawo padzakhala potseka, ndipo wina akawafunsa molunjika adzanena zonse. Ama anati zimenezo n'zabwino. Asibweni anadula thabwalo pang'ono kumapeto konse kuti likwane, analilowetsa mumpata, n'kulikhoma ndi misomali yambiri kuposa ena onse, ngati akulilanga.

Boti la matabwa atsopano silipita pamadzi tsiku lomwelo. Umayamba walimiza dala pamadzi osaya kuti matabwa amwe, afufume, atsekane okha. Lachitatu m'mawa tinalikankhira m'nyanja, tinaikamo miyala, ndipo linamira mpaka kungotsala milomo yake. Asodzi amadziwa zimenezi. Amayi a kutchalitchi ochokera kumtunda sadziwa. Awiri anadutsa pobwera kochapa, anaona ama ataima m'madzi pambali pa boti lomira, ndipo anatula mabeseni n'kubwera kudzagwira ama dzanja.

"Pepani, NyaChirwa. Mwayesetsa. Chiuta ndiye akudziwa."

"Yewu," anatero ama, osawafotokozera.

Austin amadziwa bwino za kumiza boti, komabe anabwera ndi tiyi wake kudzaima pamtunda.

"Ada Chirwa, mwaika kale m'manda? Osatiitana?"

Asibweni anali atayamba kale kuyeserera kutseka pakamwa.

Lachisanu tinachotsa miyala, tinakapa madzi ndi zitini zija, ndipo botilo linadzuka n'kuyandama ngati silinachitepo china m'moyo wake. Tinalikokera pansi pa mkuyu.

Loweruka ama anandidzutsa mamawa. Tinapita kugombe ndi ndowa ndi chiguduli. Masiku awiri a m'madzi anali atafewetsa litsiro la pathabwa lachilendo lija. Ama analowa m'boti, anagwada, anatapa mchenga wonyowa n'kuyamba kukwecha mbali ya mkati, malo amodzi okha, apakati. Mamba anachoka, phula linachoka. Pansi pake panatuluka zilembo ziwiri zozokotedwa mozama ndi mpeni: Y.L.

Ndinakhala pansi pamchenga.

Pagombe lonse la Kande munthu wa zilembo zimenezo anali mmodzi, malemu a Yotamu Longwe, ada ake a Austin. Ankalemba dzina lawo pa chilichonse, pankhafi, pandowa, ngakhale pamphika. Ndipo boti la Austin la pamalo achiwiri, m'kaundula wa komiti, linali boti la a Yotamu. Zaka zisanu zapitazo Austin analitenga kuti akukalikonzetsa ku Nkhata Bay, ndipo linabwerako litatalika ndi mikono iwiri, lili ndi pomangira injini. Palibe anafunsa ngati linali lomwelo. Nthawi imeneyo kunalibe munthu wodandaula za maboti a anzake.

"Ama," ndinanong'ona, "akalizindikira anena kuti si lathu. Titaya malo."

"Akanena, afotokozanso kuti thabwa la ada ake linkatani kuloji."

"Nanga akapsa mtima n'kunena basi? Austin amayamba kulankhula, kuganiza pambuyo."

Ama anatsuka manja m'ndowa. Anatenga thumba la saka n'kuphimba zilembozo.

"Pita ukatenge asibweni ako. Uwauze adye kaye."

Komiti inafika dzuwa litakwera. Wapampando ndi a Nellie NyaMhone, namwino wopuma ntchito amene aliyense amawatchulabe a Sisitala. Theka la anthu a pagombe anabadwira m'manja mwawo, ndipo salola kuti aiwale. Anabwera ndi mamembala awiri, kaundula ndi ambulera. Kumbuyo kwawo kunali asodzi, ogula usipa, amayi awiri opepesa aja, ndi Austin atavala malaya oyera.

A Sisitala anayendera botilo ngati mayi woyembekezera. Analisisita m'mimba, anasuzumira pansi, anakanikiza apa ndi apo ndi chala.

"Anthu anayi," anatero. "NyaChirwa, mwana wanu, mmisiri, ndi ine."

"Ine sindisambira, a Sisitala," anatero asibweni. Awa anali mawu awo oyamba tsikulo.

"Ndiye chifukwa chake mukwere. Mmisiri wosambira sindimukhulupirira."

Tinakwera. Ine ndi ama tinapalasa. Asibweni anakhala pakati atagwira m'mbali ndi manja onse, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. A Sisitala anavula nsapato n'kuponda pansi ndi mapazi kuti amve ngati mukulowa madzi. Tinafika pamene mchenga suonekanso pansi, tinatembenuka, tinabwerera. Potsika a Sisitala anaonetsa anthu mapazi awo. Anali ouma. Anthu anaomba m'manja, amayi opepesa aja analulutira, asibweni anagwada n'kugwira mchenga.

"Kuyandama layandama," anatero Austin mokweza. "Ngakhale chitseko chimayandama. Koma ndi boti la a Mphande ili? Ine ndikuona matabwa a dzulo okhaokha. Nkhuku ija itabwera singalizindikire. Tionetseni thabwa lakale."

"Likuoneka lokha, Austin," anatero membala wina. "Si ilo labuluulo?"

"Labuluu aliyense angatole. Ndilione mkati."

"Lowa, mwana wanga," anatero ama. "Uone bwinobwino."

Austin anakwera m'boti mosamala kuti asadetse malaya. A Sisitala anatsamira m'mbali, magalasi ali pamphuno. Ama anachotsa saka.

Ndinkamuyang'ana kumbuyo kwa khosi. Anawerama. Anakhala chiweramire. Anatambasula dzanja, chala chake chinayenda m'chilembo choyamba, kenako chachiwiri. Anthu anayamba kukankhana kuti aone, koma msana wake unatseka zonse. Asibweni anali atatseka maso. Ama ankayang'ana mathandala awo.

A Sisitala anaona. Ndikudziwa kuti anaona, chifukwa anayang'ana thabwalo, anayang'ana boti la pamalo achiwiri, n'kuyang'ananso thabwalo. Kenako anavula magalasi, anawapukuta bwinobwino, n'kuwaika m'thumba.

"Maso anga masiku ano ndi a nkhalamba," anatero. "Austin, ndinakulandira ndine pobadwa, unalira usanatuluke n'komwe. Lero wangoti chete bwanji? Iwe ndiye wodandaula. Ukulidziwa thabwa ili?"

Austin anadzuka. Malaya oyera aja anali atanyowa kumsana.

"Ndikulidziwa."

"Kweza mawu, anthu amve."

"Ndikulidziwa, a Sisitala." Anayang'ana boti lake la pamalo achiwiri, lalitali, lowala, injini ili kumbuyo. "Ndi lakale. Ndinkaliona ndili mwana."

"M'boti la ndani?"

Mphepo inagwetsa nkhuyu ziwiri pamchenga. Wina kumbuyo anakhosomola.

"La a Mphande."

"Watsimikiza? Usatichedwetse, mawa udzabwerenso ndi kalata ina."

"Ndatsimikiza." Anatenga saka lija yekha n'kuphimbanso thabwalo, mpaka kulipinda m'mbali kuti mphepo isaliulutse. "Thabwa labwino. Anali munthu wosamala zinthu."

"Ada Chirwa," anatero a Sisitala, "inu monga mmisiri muli ndi mawu?"

Asibweni anatsegula maso. Anayang'ana alongo awo, anayang'ana kumwamba.

"Misomali ndinakhoma ndine," anatero. "Ndi yatsopano yonse."

"Sitinafunse za misomali, koma yewu." A Sisitala anatsegula kaundula, analemba mzere umodzi popanda magalasi, n'kutseka. "Boti ndi lomwelo. Malo oyamba ndi a boti la a Mphande. Tiyeni, dzuwa latentha."

Anthu anabalalika akukambirana za ubwino wa Austin, kuti ndi munthu wovomereza akalakwa. Iye anatsika m'boti, anapatsa ama moni wa manja awiri osawayang'ana kumaso, n'kulunjika kumiyala, kumene boti lake latsopano linkamenyedwa ndi mafunde.

Tinatsala atatu pansi pa mkuyu. Asibweni anakhala pachitini, akupuma ngati athamanga kuchokera ku Bandawe.

"Sindinaname," anatero. "Taonga, wamva wekha. Sindinaname."

"Ndamva, asibweni."

Ndinatembenukira kwa ama. Ndinkafuna kudziwa ngati anazindikira thabwalo ndi chikhadabo m'chipinda chamdima chija, kapena analowamo akulifuna kale, ndiponso kuti matabwa ena aja ankawayang'ana nthawi yaitali anali a yani.

"Ama, m'chipinda muja munaona angati?"

Iwo anali atayamba kale kusesa pansi pa mathandala.

"Killion," anatero osatembenuka, "Lolemba upite ku Chintheche ukatenge penti. Mupake boti lonse, kunja ndi mkati. Thabwa ilo lokha musalipake."